Kutsegula kiliniki ya mafizo ku Salima: mapepala ake ndi ndondomeko yowatengera

Mapepala olola munthu kugwira ntchito ya mafizo payekha m'Malawi muno alipo anayi, ndipo anthu ambiri amawasokoneza. Digiri kapena dipuloma imangonena kuti munaphunzira. Satifiketi ya kaundula imanena kuti bungwe la Medical Council of Malawi linakulembani m'buku lake. Laisensi ya pachaka imanena kuti chaka chino ndinu ololedwa kugwira odwala. Pepala lachinayi ndi chilolezo cha malo, chonena kuti nyumba yakuti, pamalo akuti, ndi yoyenera kuthandiziramo anthu olipira. Lachinayi silituluka popanda lachitatu, lachitatu silituluka popanda lachiwiri. Amene wathamangira kulipira lendi ya miyezi itatu pa Kamuzu Road n'kulembetsa chikwangwani chachikulu asanaone mapepala ake wayambira kumchira, ndipo lendiyo idzatha chitseko chili chotseka.

Tiyambe ndi mwini wake wa kaundulayo. Medical Council idakhazikitsidwa ndi lamulo la Medical Practitioners and Dentists Act la mu 1987, ndipo likulu lake lili ku Lilongwe, pafupifupi makilomita 100 kuchokera pa boma la Salima kudzera msewu wa M14. Dzina la lamulolo limatchula madokotala ndi a mano okha, koma bungweli limalembanso makiliniko ofesala, a labu, a X-ray ndi a mafizo. Anamwino ndi azamba ali ndi lawo, la Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo za mankhwala zili m'manja mwa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority (PMRA). Palinso Physiotherapy Association of Malawi. Limeneli ndi bungwe la mamembala, lothandiza pa maphunziro ndi kulankhulira ntchitoyi, ndipo kulowamo n'kwanzeru, koma silipereka laisensi. Lisiti la umembala musalionetse kwa oyendera zipatala ngati chilolezo.

Gawo loyamba: dziwani gulu lomwe mungalembedwemo

Njira zodziwika zophunzirira ntchitoyi kuno kwathu ndi ziwiri. Yoyamba ndi digiri ya physiotherapy, yomwe College of Medicine idayamba kuphunzitsa mu 2010, ndipo tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences kuchokera pomwe sukuluyi idaima payokha mu 2021. Yachiwiri ndi dipuloma ya zaka zitatu ya rehabilitation technician ya ku Kachere mumzinda wa Blantyre, yoyendetsedwa ndi bungwe lothandiza olumala la Malawi Against Physical Disabilities (MAP). Kwa odwala onsewa ndi "adokotala a mafizo", ndipo m'zipatala zambiri za m'maboma amene asenza ntchito yaikulu ndi a dipulomawo. Koma m'kaundula ndi magulu awiri osiyana, ndipo malire a ntchito yawo ndi osiyananso. Ngati muli ndi dipuloma ndipo mukufuna kiliniki yanuyanu, musanagule ngakhale thaulo limodzi lemberani kalata Registrar, mkulu wa ofesi ya Medical Council, mufunse zomwe gulu lanu likuloledwa ndiponso ngati pakufunika physiotherapist wokuyang'anirani. Yankho lake likhale la pa pepala. Mawu a pa foni sangakuikireni umboni tsiku la mlandu.

Satifiketi ya kosi ya milungu ingapo ya kutikita minofu, yomwe ena amagwirira ntchito m'malo ogona alendo ku Senga Bay, si ya gulu lililonse mwa awiriwa. Kutikita mlendo wotopa ndi ulendo ndi ntchito ina. Kulandira munthu wa sitiroko n'kumulonjeza kuti mumuyendetsa ndi ntchito ya chipatala, ndipo kuichita osalembetsa ndi mlandu.

Gawo lachiwiri: internship ndi kulowa m'kaundula

Mukamaliza digiri simulowa m'kaundula wathunthu tsiku lomwelo. Mumayamba mwalembetsa ngati intern, kutanthauza wophunzira ntchito, n'kukagwira ntchito moyang'aniridwa pa chipatala chovomerezeka, makamaka zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth. Kulembetsako kuchitike musanayambe, chifukwa miyezi yomwe mwagwira dzina lanu lisanalembedwe ikhoza osawerengedwa. Fomu youkuunikani muzisainitsa mukangomaliza gawo lililonse, kaya la mafupa, la ana, la mitsempha kapena la chifuwa. Ambiri amadikira kumapeto, n'kupeza kuti amene ankawayang'anira ku wodi ya ana adasamutsidwa kapena adapita kusukulu kunja.

Pokalembetsa tengani fomu ya bungweli yodzaza bwino, makope a satifiketi ndi transcript otsimikizidwa ndi chidindo cha Commissioner for Oaths, kope ya chiphaso cha unzika, zithunzi za pasipoti, malipoti a internship ndi umboni wa malipiro. Fotokope yopanda chidindo ndi pepala wamba. Chimene chimabweza anthu ambiri ndi mayina. Pa satifiketi ya MSCE pali mayina awiri, pa digiri atatu, pa chiphaso cha unzika dzina la bambo lalembedwa ndi "l" pomwe kwina lili ndi "r", kapena mayi wasintha dzina atakwatiwa. Yalani mapepala onse pa tebulo limodzi mufananize chilembo ndi chilembo, ndipo pamene pasiyana konzeranitu afidaviti. Ndalama lipirani ku akaunti yomwe mwaitenga ku bungwe lenilenilo, osati yomwe yazungulira pa gulu la WhatsApp, ndipo pa silipi ya ku banki lembani dzina lanu lonse ndi chomwe mukulipirira. Silipiyo muijambule tsiku lomwelo, poti inki yake imafufutika msanga, makamaka ndi kutentha kwa kunyanja kuno.

Ophunzira kunja ali ndi zowonjezera. Satifiketi yawo iyenera kuunikidwa, ntchito yomwe bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE limagwira, ndipo amene adalembetsapo m'dziko lina abweretse kalata ya bungwe la kumeneko yotsimikiza kuti alibe mlandu. Kenaka amatumizidwa ku chipatala chovomerezeka kukazolowera kagwiridwe ka ntchito ka kuno. Mlendo wolembedwa ntchito amafunikanso chilolezo chogwirira ntchito m'dziko muno (TEP) cha ku Immigration, chomwe sichilowa m'malo mwa kaundula. Izi zikukhudzanso azungu odzipereka amene amabwera ndi mabungwe kapena mipingo kudzathandiza ana olumala kwa milungu itatu: ngati agwira odwala, alembetse kwa kanthawi asanafike. Inu amene mwawalandira pa kiliniki yanu ndi amene mudzafunsidwe.

Gawo lachitatu: laisensi ya pachaka

Kaundula mumalowa kamodzi, koma laisensi imatha chaka ndi chaka. Kuti ikonzedwenso pamafunika malipiro a chakacho ndi mapointi a CPD, osonyeza kuti mukupitiriza kuphunzira. Kwa wogwira payekha apa ndiye pamavuta, chifukwa anzanu a m'boma amapeza mapointi pa maphunziro a pa chipatala pomwe inu muli nokha ndi odwala. Pemphani kwa oyang'anira CPD pa chipatala cha boma cha Salima kuti muzikhala nawo pa maphunziro awo, ndipo buku lanu lizisainidwa tsiku lomwelo. Maphunziro olipira, funsani kaye ngati okonzawo ndi ovomerezeka ndi Medical Council, apo ayi mubwerako ndi satifiketi yokongola yopanda pointi. Laisensi ikatha, ntchito iliyonse yomwe mwagwira mpaka tsiku lokonzanso mwaigwira opanda chilolezo, ngakhale mutakhala katswiri wa zaka 20. Makampani a inshulansi ya zaumoyo amayang'ananso tsiku limeneli asanalipire.

Gawo lachinayi: nyumba

Pano m'pamene ndalama zimalowa, choncho ndondomeko yake isasokonezeke. Yambani ndi kutenga ku Medical Council fomu ya private practice, yofunsira chilolezo cha malo, pamodzi ndi mndandanda wa zomwe oyendera amafuna pa nyumba ya mafizo. Bungweli limayang'ananso zaka zomwe mwagwira ntchito chilembetsereni. Ngati muli pa ntchito ya boma kapena ya zipatala za mipingo za CHAM ndipo kiliniki ikhala ya madzulo ndi Loweruka, mufunika kalata ya abwana anu yokulolani. Mukatero kaonaneni ndi ofesi ya mkulu wa zaumoyo pa khonsolo ya Salima, amene ambiri akumutchulabe kuti DHO, kuti adziwe za malowo ndi kukulemberani kalata. Mndandanda uja uli m'manja ndi pamene muyambe kufuna nyumba, ndipo ndi mwini nyumba mugwirizane polemba kuti mudzagumula sitepe, kukulitsa zitseko ndi kukhoma zitsulo m'khoma. Eni nyumba ena amavomera pakamwa, n'kudzakana ataona nyundo.

Nyumba ya mafizo imayesedwa ndi munthu wa pa wilutcheya, osati ndi maso a woyenda bwino. Polowera pakhale njira yotsetsereka, ndipo muyeso wake ndi wakuti pa sentimita imodzi yokwera pakhale masentimita 12 a utali. Khonde lokwera masentimita 30, monga zilili nyumba zambiri zomangidwa mothawa madzi a dzinja, lifuna njira yotalika mamita 3.6. Amisiri amakonda kuifupikitsa kuti asunge simenti, zotsatira zake wokankha amachita kuthamangira ndipo potsika wodwala amapendekera kutsogolo. Pamwamba pake pasakhale posalala ngati pabalaza, apakande ndi tsache simenti isanaume. Zitseko, kuphatikizapo cha kuchimbudzi, zikhale masentimita 90 m'lifupi. Chimbudzi chikhale chokhalira, chokhala ndi zitsulo zogwirira, ndipo chitseko chake chizitsegukira kunja, kuti munthu akagwera mkati musalimbane ndi thupi lake potsegula.

Mkati mufunika podikirira, chipinda chopimira chomwe mawu satulukira kunja, ndi malo ochitira mafizo. Katani imabisa thupi koma siibisa mawu, ndipo m'tauni yaing'ono ngati Salima amene wakhala pa benchi panja nthawi zambiri amamudziwa amene ali mkati. Pakhale posambira m'manja pa madzi oyenda ndi sopo, ndi ndowa ya mpopi yodikirira tsiku lomwe madzi asiya. Bedi lopimira likhale lokutidwa ndi chinthu chopukutika, osati nsalu. Odwala sitiroko ndi ana amafuna bedi lina lalifupi ndi lotambalala, lokwera masentimita 45 mpaka 50, kuti munthu akakhala mapazi azigunda pansi. Zitsulo ziwiri zophunzirira kuyenda, zotalika ngati mamita atatu, owotcherera a pa tauni amapanga bwinobwino, bola zimangidwe pansi ndi mabawuti ndipo muziyese pozikoka ndi thupi lanu lonse. Onjezani galasi lalitali, makina a BP, sikelo, bokosi la chithandizo choyamba, chozimitsira moto, mabini osiyanitsa zinyalala ndi kabati yokhoma ya mafayilo. Za zinyalala zoopsa, gwirizanani polemba ndi chipatala chomwe chili ndi ng'anjo yowotchera. Mawindo akhale oyang'anizana kuti mphepo izidutsa: mu Okutobala chipinda cha malata chopanda siling'i chimafoola wodwala asanamalize mphindi 10, ndipo fani imadalira ESCOM.

Zonse zikakhala m'malo, itanani oyendera. Musatsegule "mongoyesa" podikira. Akapeza zoperewera amakulemberani, mukonze n'kuwadziwitsa. Mapepala a bizinesi, monga kulembetsa dzina la bizinesi ku boma, nambala ya msonkho (TPIN) ya ku MRA ndi laisensi ya malonda ya ku khonsolo, ndi ofunika onse, koma ngakhale mutawapachika atatu pakhoma sakulolani kugwira wodwala. Pakhoma pa podikirira payambe kuoneka satifiketi ya kaundula, laisensi ya chaka chino ndi chilolezo cha malo.

Gawo lachisanu: malire a ntchito, pomwe madandaulo amabadwira

Laisensi ya mafizo siyikupatsani mphamvu zogulitsa mankhwala kapena kubaya jakisoni. Chiyeso chake n'chachikulu, chifukwa wodwala msana amene walipira ndalama zake amaona ngati sanathandizidwe akatuluka opanda jakisoni kapena mapilitsi. Mutumizeni kwa kiliniko ofesala kapena ku famase yovomerezeka. Katoni ya mankhwala a ululu a diclofenac yopezeka m'kabati mwanu imakuikani m'manja mwa mabungwe awiri nthawi imodzi, Medical Council ndi PMRA.

Ngozi yofala kwambiri ndi kuwotcha wodwala pothowa. Mapaketi othowera amakhala m'madzi a madigiri 70 mpaka 75, ndipo pakati pa paketi ndi khungu payenera kukhala mapindo a thaulo 6 mpaka 8. Nthawi yake ndi mphindi 15 mpaka 20, ndipo pakatha mphindi 5 zoyamba mutukule muone khungu. Wodwala asagonere paketi, chifukwa kulemera kwa thupi kumafinya mathaulo kutentha n'kudutsa. Musanathowe yesani ngati khungu likumva, pogwiritsa timabotolo tiwiri, ka madzi ofunda ndi ka ozizira, wodwala atatsinzina. Wa shuga, wa sitiroko, wovulala msana ndi amene adadwalapo khate akhoza kupsa mpaka matuza ali chete, akumwetulira. Ena amamva kuwotcha koma amapirira poganiza kuti ululuwo ndiye mankhwala, choncho muwauze mawu omveka: "Agogo, pakhale pofunda basi. Pakayamba kuwotcha mundiitane msanga, musapirire." Zotsatira za kuyesako zilembedwe m'fayilo. Makina a TENS, ochepetsa ululu ndi magetsi, asayandikire munthu wa pacemaker, kachipangizo kothandiza mtima kugunda, ndipo ultrasound ya mafizo, osati sikani yoonera mwana, isadutse pamimba pa mayi woyembekezera kapena pa chotupa chosadziwika.

Pali odwala ena ofunika kuwatumiza ku chipatala osawakhudza n'komwe. Wa kabaza amene wangochotsedwa chikhakha, kapena aliyense amene wagona nthawi yaitali, akabwera ndi katumba wotupa, wotentha ndi wopweteka mbali imodzi, musatikite. Akhoza kukhala magazi oundana mu mtsempha, ndipo kutikita kungawatumize ku mapapo. Msana wopweteka usiku, munthu akuonda, akutuluka thukuta pogona, kapena pali kanundu pa fupa la msana, ganizirani TB ya msana ndipo musaukankhe kapena kuukoka. Wodwala msana amene wayamba dzanzi pakati pa miyendo ndi kulephera kugwira kapena kutulutsa mkodzo ndi wa changu, tsiku lomwelo akafike ku chipatala cha boma, komwe angamutumize ku Kamuzu Central. Wa sitiroko muzimuyeza BP asanayambe mafizo tsiku lililonse, ndipo ikapitirira 180 pa 110 atapuma, mafizo a tsikulo aimitsidwe akaonane ndi kiliniko ofesala. Kalata yotumizira ilembedwe pawiri, ina itsale m'fayilo, ndipo mulembenso mwachidule m'kabuku ka kuchipatala ka wodwalayo.

Wothandizira amene mwamulemba ntchito angathe kukonza bedi, kugwirizira wodwala poyenda ndi kuwerengera mafizo omwe inu mwalamula, inu muli pomwepo. Sangapime wodwala watsopano, kusintha chithandizo kapena kutsala ndi kiliniki inu mutapita ku maliro ku Khombedza. Tsiku lotero tsekani, kapena pakhale mnzanu wa laisensi.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: fayilo, chilolezo cha wodwala ndi chikwangwani

Pa mlandu, zomwe sizinalembedwe zimatengedwa ngati sizinachitike. Ulendo uliwonse lembani tsiku, zomwe wodwala wanena, zomwe mwapeza poyeza, zomwe mwachita ndi muyeso wake, momwe wazilandirira, ndi siginecha yanu. "Wathowedwa" sikokwanira. Lembani malo, mphindi, mapindo a thaulo ndi maonekedwe a khungu pomaliza. Mukalakwitsa dulani mzere umodzi kuti mawu akale aziwerengekabe, musainire pambali. Osafufuta ndi Tipp-Ex.

Ntchito ya mafizo ndi yogwira thupi, nthawi zina m'chiuno, m'ntchafu ndi pachifuwa. Fotokozani musanagwire kuti mugwira pati ndipo chifukwa chiyani, wodwala avomere. Bambo akamathandiza mayi kapena mtsikana, m'chipindamo mukhale munthu wachitatu wamkazi, ndipo dzina lake lilembedwe m'fayilo. Mwana amavomerezedwa ndi kholo kapena womusamalira. Wa sitiroko amene sakutha kulankhula akhoza kukhala kuti akumva zomwe mukunena, choncho lankhulani naye mwini wake, osati kumangoyang'ana gadiyani. Kujambula wodwala akuyamba kuyenda n'kuika pa Facebook popanda chilolezo cholemba ndi kuulula chinsinsi, ngakhale achibale atakondwera nazo pa tsikulo.

Pa chikwangwani lembani dzina, udindo womwe uli pa satifiketi ya kaundula, ntchito zomwe mumagwira ndi maola. Odwala akakutchulani adokotala palibe vuto, ndi ulemu wa kwathu, koma inu musadzilembe "Dr" ngati si momwe mudalembetsera. Mawu ngati "timachiza sitiroko m'masabata awiri" kapena "oposa onse m'chigawo chapakati" ndi osemphana ndi malamulo a khalidwe a bungweli, kaya ali pa khoma, pa wailesi kapena pa WhatsApp.

Dandaulo likabwera

Wodwala kapena m'bale wake ali ndi ufulu wolembera Registrar wa Medical Council, kutchula dzina la wothandiza, malo, masiku ndi zomwe zidachitika, n'kuphatikizapo malisiti, makope a kabuku ka kuchipatala ndi zithunzi za bala ngati lilipo. Zochitikira pa chipatala cha boma zikhoza kuyambira kwa ombudsman wa pa chipatalapo. Inu mukalandira kalata yokufunsani, yankhani polemba tsiku lomwe aika lisanadutse, mwatsatanetsatane ndi mopanda mkwiyo, n'kutumiza kope ya fayilo momwe ilili. Musawonjezeremo kanthu, chifukwa inki yatsopano pa tsamba lakale imaoneka, ndipo bodza la m'fayilo limalemera kuposa cholakwa chenichenicho. Musatumenso ankhoswe kapena a mpingo kwa wodandaula ndi envelopu kuti nkhani ithere pakhomo. Kupepesa ndi kuthandiza munthu amene wavulala n'koyenera, koma kugula chete ndi mlandu wachiwiri. Bungweli likapeza kuti mwalakwa lingathe kukuchenjezani, kukuimitsani kwa nthawi kapena kukufufutani m'kaundula, ndipo wosakhutira ndi chigamulo amakachita apilo ku High Court.

Chilolezo cha malo chimamatirira pa nyumba yomwe idayenderedwa. Mukasamuka pa Kamuzu Road kupita ku Kaphatenga, kapena mukafuna nthambi ku Nkhotakota kapena ku Dwangwa komwe odula nzimbe amavutika ndi misana ndi mapewa, nyumba yatsopanoyo iyenderedwe payokha musanalandiremo wodwala, ndipo nthambi iliyonse ikhale ndi wa laisensi wake wokhalapo maola onse omwe ili yotsegula. Mukamayendera odwala m'makomo, ku Lifuwu kapena ku Chipoka, tchulani zimenezo pa fomu yofunsira chilolezo, yendani ndi kope ya laisensi m'chikwama, ndipo fayilo ya wodwala wa pakhomo ilembedwe ndi kusungidwa m'kabati yokhoma ija mofanana ndi ya wobwera pa kiliniki.